Masekondi Osowa pa Tepi ya Sobczak

Kodi mungalote amene anaba masekondi makumi awiri ndi atatu m'nyimbo imene amuna anga amaikonda kuposa zonse? Nyimboyo ndi imodzi, oimba ake ndi omwewo, tsiku loimba ndi lomwelo, ndipo palibe mawu ngakhale amodzi amene anasowa. Koma pa kaseti yawo yakale imafulumira kutha ndi masekondi amenewo poyerekeza ndi mmene ilili pa chimbale chimene kampani ya zimbale yatulutsa chaka chino.

Amuna anga ndi a Marv Sobczak. Kuno ku Duluth anthu amawadziwa monga mkulu amene anagwira ntchito padoko zaka makumi atatu ndi zinayi mpaka mawondo anakana. Koma kwa anthu okonda bandi ya Tamarack Line, kaya ali ku Winnipeg kaya ku Osaka, iwo ndi eni ake a Tepi ya Sobczak, ndipo dzina limenelo amalinyamula mosamala ngati dzira.

Bandiyo inadzaimba mu holo ya pafupi ndi doko Loweruka, pa 8 Febuluwale 1975. Kujambula mawu kunali koletsedwa, ndipo alonda a pakhomo ankasecha mnyamata aliyense mpaka m'masokosi. Atsikana sankawakhudza. N'chifukwa chake mwambo wa ojambula unali wakuti makina amalowa ndi mtsikana. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dzina langa lidakali Lorraine Niemi, ndipo a Marv anali atangonditomera kumene. Anabweretsa makinawo kwathu masana popita kuntchito, n'kundiuza kuti ndisawagwire mpaka madzulo. Tsikulo kunagwa chipale chofewa chambiri. Bambo anga, amene ankayendetsa galimoto yokankha chipale m'misewu, anaitanidwa cha m'ma 3 koloko, ndipo anatuluka akung'ung'udza, botolo la khofi kudzanja limodzi, tochi yawo yaikulu kudzanja linalo. Madzulo ndinamanga makinawo pamimba ndi lamba, n'kuvala chikhoti cha amayi. Mlonda atandiona anatsegula chitseko yekha.

"Samalani pa masitepe, mayi, ndi poterera," anatero, akuyang'ana mimba yanga mwaulemu.

Bandi inamalizira ndi nyimbo imene inali isanatulukepo pa chimbale chilichonse. Ilibe ngakhale dzina. Ife timangoitcha Nyimbo ya Sitima, chifukwa imanena za mwamuna wodikira sitima yomaliza nyanja isanaundane. Patapita zaka ziwiri bandiyo inatha, woimba wake Dale Renwick anamwalira mu 1989, ndipo kwa zaka zonsezi aliyense wofuna kumva nyimboyo ankaimva kudzera pa kaseti ya amuna anga. Pa kasetiyo anyamatawo amaimba ngati akuthamangitsidwa ndi agalu, ndipo chakumapeto Dale amakweza mawu kufika pamene sanafikepo kwina kulikonse. Anthu alemba zambiri za kukweza mawu kumeneko. Munthu wina wa ku Oslo anafika mpaka pakhomo pathu kudzangowagwira chanza amuna anga.

Ojambula ali ndi malamulo awo awiri. Loyamba, tepi sagulitsa, amasinthana. Lachiwiri, tepi iliyonse imayenda ndi mbiri yake: anajambula ndani, ndi makina anji, atakhala mpando uti, mabatire anali otani, inadutsa m'manja mwa yani. Munthu akanama m'mbiri imeneyo, anzake samukhulupiriranso ngakhale atawauza kuti kunja kwacha. A Marv mbiri zawo amazilemba m'kabuku kobiriwira, ndipo amanyadira kuti mulibe bodza ngakhale limodzi.

Ndiye mwezi wathawu kampani inatulutsa bokosi la zimbale zisanu ndi chimodzi za nyimbo zimene zinali zisanamvekepo. Matepi ake anapezeka m'galaja ya malemu wina amene ankayendetsa zokuzira mawu za bandiyo. Chimbale chachinayi chinali cha ku Duluth. A Marv anachimvetsera kamodzi, anatuluka panja osavala jekete, ndipo atabwerako anakhala pa kompyuta n'kuyamba kulemba kalata yopita pa tsamba la pa intaneti limene okonda bandiyo amakumanapo. M'kalatamo ankanena kuti kampani yachedwetsa nyimbo dala ndipo yapha mawu a Dale. Anailemba masiku anayi. Ine ndinkadziwa kuti kalata yotero ikatuluka, n'kupezeka kuti ndi yolakwa, dzina lawo lija lidzasweka pamaso pa onse amene ankalilemekeza. Choncho ndinawapempha kuti asaitumize a Gordy asanamve.

A Gordy Haugen ndi mnzawo kuyambira kusukulu ya pulayimale. Anali amisiri a zamagetsi asanapume pantchito, ndipo amabwera Loweruka lililonse masana ndi nsomba zowamba zokulunga m'pepala.

"Alamu, odwala athu ali kuti?" anafunsa akupukuta nsapato pakhomo.

"Ali kuchipinda chapansi. Lero musawaseke, chonde."

"Ine kuseka? Ndabwera ndi wotchi, mano ndawasiya kunyumba."

Ndinawatsatira ndi makapu a khofi. A Marv anali atakonza kale mipando kutsogolo kwa masipika awo awiri aakulu, amene amawapukuta fumbi kawirikawiri kuposa mmene amapukutira galimoto.

"Khala apo, aise, umve mmene akuba amagwirira ntchito," anatero.

Anayamba ndi kaseti yawo. Nyimboyo tonse timaidziwa ngati njira ya kuchimbudzi, komabe a Marv anatseka maso, ndipo Dale atafika pamwamba paja anakweza chala m'mwamba monga amachitira nthawi zonse. Kenako anaika chimbale chatsopano. Ng'oma zinkayenda modekha ngati munthu wosenza katundu. Mawu a Dale anali otsika pang'ono, okhuthala, ndipo atafika pokweza paja anathetheka pang'ono asanakhazikike. Ndinamva chinachake chikundigwira pachifuwa, ndipo ndinayamba kusuntha makapu amene anali kale pamalo pake.

"Wamva?" anatero a Marv. "Amugoneka! Munthu ankauluka ameneyu, amuveka nsapato zachitsulo."

A Gordy anayang'ana wotchi yawo. "Masekondi makumi awiri ndi atatu. Mwina si tsiku lomwelo."

"Si tsiku lomwelo bwanji? Kuno anaimba kamodzi kokha. Chingwe cha gitala chikuduka apa, ukunso chikuduka pomwepo. Dale akutsokomola asanayambe ndime yachitatu, ukunso akutsokomola. Ndi zomwezo, kungoti azikoka ngati chingamu."

"Chabwino, usandilume. Alamu, kalimba kanu kaja kadakalipo?"

Ine ndakhala ndikuimba limba kutchalitchi kwathu zaka makumi atatu, ndipo ndili ndi kena kakang'ono kamagetsi kophunzirira kunyumba. Nditabwera nako, a Gordy anafotokoza chimene ankafuna. Gitala munthu akhoza kuitchuna mmene akufunira, ndipo mawu a munthu amakwera n'kutsika, koma limba limene bandiyo inkayenda nalo silitchunidwa, mawu ake anaikidwiratu kufakitale. Nyimbo ya Sitima imayamba ndi limba lokha, likukoka mawu amodzi kwa nthawi yaitali. Ntchito yanga inali kupeza mawu amenewo pa kalimba kanga.

Pa chimbale chatsopano ndinawapeza nthawi yomweyo. Mawu awiriwo anagonerana mpaka kumveka ngati amodzi. Pa kaseti ya a Marv ndinadina pomwepo, koma kalimba kanga kanali pansi. Ndinadina potsatira pake, kanali pamwamba. Ndinabwereza katatu, amuna anga akundiyang'ana ngati ndili m'bokosi la mboni.

"Ali pakati," ndinatero chapansipansi. "Mawu amenewa pa limba palibe."

"Ndi zoona awowo agwirizane ndi kalimba kanu, si anachita kuwakonza ndi makompyuta awo!" anatero a Marv. "Komanso tsiku lija kunali chimphepo, magetsi ankasewera."

"Magetsi ankasewera m'mutu mwako, mdala. Ine ndagwira nthambo zaka makumi anayi, usandiphunzitse magetsi. Bwezera kumayambiriro, tiyeze nyimbo zonse."

Anayeza mpaka khofi anazizira. A Gordy ankalemba pa pepala la nsomba lija. Nyimbo yoyamba inasiyana ndi masekondi awiri okha, yachisanu inasiyana ndi asanu ndi anayi, ndipo zotsatira zinkangowonjezera mpaka kufika pa yomaliza ija. Atatha anaika cholembera pansi n'kulankhula mofatsa, nthabwala zonse atazisiya.

"Tamvera, Marv. Kampani ikafuna kuchedwetsa, imachedwetsa zonse mofanana. Chimene chimayamba ndi mphamvu n'kumatopa pang'onopang'ono ndi chimodzi chokha, mabatire. Akamafooka, tepi imakwawa pojambula. Ukafika kunyumba n'kuiika m'makina amphamvu, zonse zimathamanga, mawu n'kukwera. Dale sanauluke, aise. Mabatire ako ndi amene ankafa."

A Marv anadzuka, mawondo akulira, n'kutenga kabuku kobiriwira pa shelefu. Tsambalo sanachite kulifunafuna, kabukuko kamatseguka pomwepo kokha. Anawerenga mokweza.

"8 Febuluwale 1975. Mzere wachisanu ndi chinayi, mpando 14. Mabatire anayi atsopano, paketi ndatsegula ndekha, ndaika ndekha 12 koloko masana." Anatseka kabukuko. "Tandiuza, mmisiri, mabatire atsopano amatha mu ola limodzi ndi theka?"

"Satha."

"Ndiye?"

"Ndiye mwina unalemba zimene unkafuna kuchita, osati zimene unachita. Unali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mutu wonse uli kwa alamuwa. Ndani angakuimbe mlandu?"

"Ukuti kabuku kanga kananama."

"Ndikuti munthu amaiwala."

"Tenga nsomba zako."

"Marv, iwe."

"Ndati tenga nsomba zako, Haugen."

Pa zaka makumi asanu ndi limodzi za ubwenzi wawo ndinali ndisanamvepo amuna anga akumuitana mnzawo ndi dzina la makolo. A Gordy anadzuka, nsombazo anazisiya pomwepo. Ndinawaperekeza pakhomo.

"Alamu, asatumize kalata imeneyo," anatero akuvala chipewa. "Anyamata a pa intaneti aja ali ndi zida zoyezera zoposa wotchi yangayi. Amuyalutsa dzuwa likuswa mtengo, ndipo akayamba kukayikira tsamba limodzi la kabuku kaja, akayikira onse."

Ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu, ndipo ndinawatsuka kwa nthawi yaitali. Ndinkaganiza za chimene chinandigwira pachifuwa chija. Kunena zoona, nyimbo ya pa chimbale chatsopano sinali yachilendo kwa ine. Ndi imene ndinaimva mu holo muja. A Marv madzulo onse aja anali chowerama, makina ali pamiyendo pansi pa chikhoti cha amayi, maso ali pa kasingano kosonyeza kukwera kwa mawu. Iwo sanamve bandi ikuimba. Anaimva m'mawa mwake pa kaseti, kenako anaimvanso kambirimbiri mpaka kasetiyo inalowa m'malo mwa tsikulo. Ine manja anga anali opanda ntchito, ndinkangomvetsera. Titangokwatirana ndinawauzapo kuti ndinkakumbukira ngati nyimboyo inali yodekha, yachisoni. Anaseka n'kunena kuti tepi siiwala, munthu ndiye amaiwala. Ndinawakhulupirira, ndipo m'kupita kwa zaka ndinasiya kukhulupirira makutu anga.

Kenako mawu a m'kabuku aja anabwereranso: ndaika ndekha 12 koloko masana. Kuyambira 12 koloko mpaka madzulo, makinawo sanali m'manja mwa a Marv. Anali pa tebulo la m'khitchini ya amayi, pafupi ndi mbale ya shuga. Ndinaona bambo anga ataima pakhomo, akumenya tochi yawo pachikhatho, kuwala kwake kuli kofiirira ngati tiyi wosungunula, akudandaula kuti akafika kumisewu ya kumapiri kutada, galimoto ikatitimira adzaona ndi chiyani. Madzi a pampopi anapitiriza kutuluka, ine nditangogwira kapu. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaiganizirepo ngakhale kamodzi pa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, chifukwa tsiku lija sindinaione ngati nkhani.

Ndikanatha kukhala chete. Palibe wina amene ankadziwa, bambo ndi amayi anapita kalekale. Koma ndinaona kuti ndikakhala chete, amuna anga atsala ndi njira ziwiri zokha: kutchula kampani kuti ndi yakuba pamaso pa dziko lonse, kapena kuvomera kuti kabuku kawo kananama. Zonse ziwiri zinali zabodza. Ndikalankhula, mawu okwera aja afa, ndipo ndine ndiwaphe. Koma kabuku katsala koyera. Ndinadzifunsa kuti pa ziwirizi, chimene a Marv sangakhale popanda icho ndi chiti. Ndinapukuta manja n'kutsika.

Ndinawapeza pa kompyuta, kalata ili poyera, akusintha mawu amodzi n'kuwabwezeranso.

"Musandiletse, Lorraine," anatero osatembenuka.

"Sindikukuletsani. Ndipatseni kabuku kaja ndi cholembera."

"Kabuku kameneka salembamo munthu wina."

"Lamulo lanu limati aliyense amene tepi yadutsa m'manja mwake alembedwe. Ine makinawo ndinawanyamula pamimba, mpaka mlonda anandifunira zabwino. Dzina langa mulimo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anakankhira kabukuko kwa ine. Pansi pa mzere wa 12 koloko panali kampata kakang'ono, ndipo ndinalembamo mwa zilembo zing'onozing'ono, mosamala, kuti zonse zikwane. Ndinatembenuzira kabukuko kwa iwo.

Anawerenga kawiri. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso, n'kuwerenga kachitatu.

"Ndinakuuzani kuti musawagwire," anatero.

"Munandiuza."

"Mayi inu. Zaka zonsezi."

"Sindinkadziwa kuti zimagwirizana. Ndadziwa lero, a Gordy atafotokoza. Pepani, a Marv."

Anaika chala pa mzere umene analemba okha ali mnyamata. "Ndiye apa sindinaname," anatero.

"Simunaname. Mbiriyo inangoperewera mzere umodzi."

"Koma Dale sanafike pamwamba paja."

"Sanafike. Koma pamene anafikapo simunapamve. Khalani pansi, manja muwaike pamiyendo. Lero palibe kasingano koti muyang'ane."

Ndinaika chimbale chachinayi n'kukhala pambali pawo. Limba linayamba, ng'oma zinalowa ndi katundu wake uja. A Marv poyamba phazi linkafuna kuthamangira kutsogolo kwa nyimbo monga linazolowera. Pofika ndime yachiwiri phazilo linagonja n'kuyamba kuyenda ndi ng'oma. Pamene mawu a Dale anathetheka, chala chawo chinadzuka pang'ono, n'kubwereranso pabondo.

"Anali atatopa mnyamatayu," anatero nyimbo itatha.

"Ankaimba za munthu wodikira. Wodikira sathamanga."

"Chonchi ndi mmene munaimvera inu?"

"Chonchi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti munthu amene anali ku konsati ija ndi inu. Ine ndinangoperekeza makina."

Anabwerera pa kompyuta n'kufafaniza kalata ya masiku anayi ija, osaiwerenganso. Kenako anatenga foni, anajambula tsamba la kabuku kobiriwira, n'kulitumiza pa tsamba la anzawo lija ndi mawu ochepa akuti mbiri ya Tepi ya Sobczak yakonzedwa, ndipo aliyense amene ali ndi tepiyo awonjezere mzerewo. Atatero anaimbira a Gordy.

"Gordy, nsomba zako zikununkhitsa nyumba yanga. Bwerera tidzadye." Anamvetsera pang'ono. "Ayi, sunapambane, usayambe kuvina. Iwe unati ndinaiwala. Sindinaiwale chilichonse. Bwera udzawerenge wekha, ubwere ndi mano ako."

Ataika foni pansi anayang'ananso kabukuko, ndipo ndinaona kuti pakona pa milomo yawo payamba kugwedera.

"Nanga apongozi anga aja," anafunsa, "anaiona njira?"

"Anaiona. Anabwerako m'mawa, akutama kuti tochi yawo sinawalepo chomwecho."

Mzere umene ndinalemba uli pansi penipeni pa wa 12 koloko, ndipo umati: "3 koloko masana, Lorraine Niemi anachotsa mabatire anayi atsopano aja n'kuwaika m'tochi ya bambo ake, ndipo m'makina anaikamo akale a m'tochimo."